Mawu a m'mawa: Chitseko chimatsegulidwa ndi wa m'nyumba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Dzulo madzulo, tikuwotha moto chifukwa cha chisanu cha kuno ku Lizulu, mdzukulu wanga anandisimbira kanema amene anaonera pamsika, mmodzi mwa makanema aja amene anyamata amawamasulira m'Chichewa. Nkhani yake ndi ya mlenje wosaka mizukwa yoyamwa magazi, munthu amene ankayenda usiku ndi mtanda m'khosi, madzi odalitsidwa m'thumba, ndiponso mtengo wosongola wobayira adaniwo pamtima. Nkhondo zonse ankapambana, kufikira tsiku limene mtima wake unakomedwa ndi mkazi wa mtundu womwe ankausakawo. Ndi nthano chabe, ndipo sindikunena kuti ana azithera ndalama ya sopo ku zimenezi, koma mwanayo ananena chinthu chimene chinandisowetsa tulo. Anati: "Agogo, mzukwawo sungalowe m'nyumba pokhapokha mwini wake atauitana." Mlenje uja anachotsa yekha mpiringidzo.

Ndinakumbukira Samsoni. Pa Oweruza 15 timawerenga kuti anapha Afilisti 1,000 ndi chibwano cha bulu, ndipo pamutu wotsatira anazula zitseko za chipata cha Gaza n'kuzisenza mpaka pamwamba pa phiri. Adani atalephera kumugwira ndi mphamvu, anapita kwa Delila wa ku chigwa cha Soreki, mfumu iliyonse n'kumulonjeza ndalama zasiliva 1,100. Katatu konse mkaziyo anamufunsa chinsinsi, katatu konse n'kufuula kuti Afilisti afika, koma Samsoni ankabwererabe kukatsamira pamiyendo yomweyo. Potsiriza anaulula chinsinsicho, tsitsi lake n'kumetedwa ali m'tulo. Vesi 20 ya mutu 16 imandiopsa kuposa kanema aliyense, pakuti imanena kuti anadzuka akuganiza kuti adzipulumutsa monga kale, osadziwa kuti Yehova wamuchokera.

Ife Amalawi nkhani ya oyamwa magazi sitiimvera m'kanema mokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka ku Thyolo ndi ku Blantyre. Anthu anadzisandutsa alenje, anatseka misewu, anagona panja ndi zikwanje, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa pongowaganizira, moti bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Magazi amene anakhetsedwa anakhetsedwa ndi alonda omwewo. Maso onse anali pa mlendo wodutsa, pamene mantha ndi bodza zinali zitalandiridwa kale m'mitima n'kupatsidwa mphasa.

N'chifukwa chake Paulo, pa Aefeso 6:12, amatichenjeza kuti sitilimbana ndi thupi ndi mwazi, ndipo pa 4:27 amati tisampatse malo Mdyerekezi. Onani kuti malowo amachita kupatsidwa. Ambiri timakuwa m'mapemphero a usiku wonse, kumanga ziwanda ndi kuloza chala agogo okalamba a m'mudzi, koma foni ikalira pakati pa usiku ndi nambala ija imene tinailemba dzina la mwamuna pamene ndi ya mkazi wa mwini, timatuluka mwakachetechete kukaiyankhira kuseri kwa nkhokwe.

Tisanapite kumunda wa kachewere kapena kukayala malonda m'mbali mwa msewu wa M1, tiyeni tigwade pang'ono.

Atate wakumwamba, tionetseni chimene tachiitana tokha m'nyumba zathu, ndipo mutipatse mphamvu yochitulutsa lero, tsitsi lisanametedwe. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.