Makina osokera asaime pomwe tili pakhomo

(Mawu awa anayankhulidwa kwa gulu la osoka ku Mzuzu mu Januwale 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19.)

Monire mose. Zikomo amayi ndi abambo, khalani motalikirana choncho, masiki tisavule. Amene muli kumbuyoko mukweze dzanja mukaona kuti mawu sakufika.

Tonse pano ndife okonda kusoka. Ena mumapezerapo ya ndiwo, koma ambirife timasoka chifukwa mtima umafuna, tikamva makina akulira pakhonde timapeza mpumulo. Ndiye lero tikambirane za mmene singano ingatisungire m'masiku ano okhala pakhomo.

Mukukumbukira chaka chatha cha 2020. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, odwala Covid-19 oyamba anapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo, kenako boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo. Mavenda muno mu Mzuzu anatuluka kukachita zionetsero, ndipo khoti lalikulu linauimitsa usanayambe. Komabe tinabindikira ndithu. Maukwati anachepa, makwaya analeka kukumana, yunifolomu ya sukulu panalibe woifuna. Januwale uno wa 2021 mliri wabweranso ndi ukali, tataya nduna ziwiri tsiku limodzi, sukulu zatsekedwanso, ndipo ikakwana 9 koloko usiku aliyense akhale ali kwawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ichi: ndamva ena mwa inu akuti makina anawafunditsa nsalu, akuti adzawavundukula mliri ukadzatha. Ayi amayi, chonde. Munthu wongokhala, wailesi ili pakhutu kumvera za maliro tsiku lonse, maganizo amamudwalitsa matenda asanamupeze. Dziikireni nthawi. Mukatha ntchito za m'mawa, khalani pamakina kufikira nthawi yophika nsima. Ana ali pakhomowa asakhale chosokoneza, apatseni singano yamanja aphunzire kusokerera batani, kupinda m'mphepete mwa nsalu, kuika chigamba. Anyamata omwe, musawasiye. Komanso mukudziwa chinyezi cha kwathu kuno. Makina ongokhala mvula ino amachita dzimbiri msanga. Chotsani fumbi la ulusi pamalo a bobini, kaja kokulungira ulusi wapansi, donthezani mafuta a makina, osati ophikira, muwapalase pang'ono ngakhale mulibe chosoka.

Wina afunsa kuti nsalu tizitenga kuti, poti ku msika wa Taifa sitikufuna kupitapita ndipo zitenje zochokera ku Tanzania si zonse tingazikwanitse. Tsegulani thumba la zidutswa lija. Aliyense wosoka ali nalo. Zidutswazo lumikizani, mutulutse chofunda cha mwana cha miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chikwama cha kumsika, apuloni. Malaya a bambo othetheka kolala, phwasulani kolalayo muitembenuze. Siketi yakale ikhoza kubala diresi ya mdzukulu.

Tsopano za masiki, apa ndichedwapo, chifukwa ambiri amene ndikuwaona m'tauni muno ndi okongola koma osathandiza. Kansalu kamodzi ka chitenje n'kosakwanira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu Juni 2020 kuti masiki ansalu akhale a nsalu zitatu zosanjikiza. Yam'kati, yokhudza pakamwa, ikhale yathonje yoyamwa chinyezi, ngati ya tisheti yochapa bwino. Yapakati ikhale yosefa, ngati ija yosaluka ya tizikwama togulira zinthu. Yakunja ikhale yosalowa madzi msanga, monga poliyesita. Nsalu yotamuka kwambiri ipeweni, ikakokeka timabowo timakula. Musanadule, iyang'anitseni kudzuwa. Kuwala kukamadutsa mosavuta, imeneyo ndi yopyapyala. Chitenje chatsopano yambani mwachichapa, chichoke sitachi ndi kufinyika, apo ayi masiki adzachepa mukangowachapa koyamba.

Muyezo wake uyambire pamwamba pa mphuno mpaka pansi pa chibwano, m'mbali musatsale mpata. Lasitiki akasowa, dulani timizere ta tisheti yakale, mukatikoka timadzipinda tokha n'kukhala zingwe zabwino zomanga kumbuyo kwa mutu, ndipo sizipweteka makutu. Aliyense akhale ndi awiri kapena atatu, chifukwa masiki ndi ochapa tsiku lililonse, ndi sopo m'madzi otentha. Ngati mwachapa m'madzi ozizira, awiritseni mphindi imodzi. Mvula ino sauma msanga, ndiye asiteni ndi simbi. Onyowa musavale. Ndipo ana a zaka 5 kutsika m'munsi musawakakamize kuvala.

Za kukumana kwathu. Sitizisonkhana m'nyumba ngati kale, koma tisatayane. Amene muli pa WhatsApp muzitumiza chithunzi cha chimene mwasoka sabata imeneyo, ngakhale chitapotoka, tizikonzana. Pali agogo athu ku Chiputula ndi ku Zolozolo amene alibe foni zoterezi, ndipo ndi iwo anatiphunzitsa kugwira sizasi. Muziwaimbira. Mukawasokera masiki, achapeni, muwasiye pakhomo, mulonjerane muli chapatali. Wina akabwera kudzayezetsa chovala, muuzeni abweretse chakale chomukwana muyezerepo, kusiyana n'kumuzungulira ndi tepi mpweya ukukumana.

Chabwino, tulutsani nsalu zimene mwabweretsa. Aliyense agwire sizasi yake, lero tisabwerekane. Tiyambe ndi kudula yam'kati ija. Amayi a kumapetoko, kwezani yanuyo kudzuwa tione ngati ikuyenera.