Chilembo ŵ ndi 32 ija

Mwamva zomwe zachitika sabata yatha pa kampani ina muno mu Lusaka. Wina anafuna kuti pulogalamu izisandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono mofulumira, basi anayatsa bit ya 32 (ka 0 kapena 1 koimira 32) pa byte iliyonse, nambala imene kompyuta imasungiramo chilembo. Inathamangadi. Koma dzina lililonse lokhala ndi ŵ linatuluka ndi kabokosi ka funso pakati, makasitomala osapezekanso pofufuza.

Nzeru yakeyo si yabodza ayi. Mu ASCII, ndondomeko yopatsa zilembo za Chingerezi manambala, A ndi 65, a ndi 97, kusiyana 32. Koma zimagwira kuyambira 65 mpaka 90 basi. Chizindikiro cha @ ndi 64. Mukachiyatsira 32 ija, chimasanduka chizindikiro china, imelo yafa. Osakhudza byte musanaiyang'ane!

Nanga ŵ? Mu UTF-8, njira yosungira zilembo za ziyankhulo zonse, ndi ma byte awiri, C5 ndi B5 (manambala owerenga mwa 16, hex). Mukayatsa 32 pa C5 imakhala E5, ndipo E5 imauza kompyuta kuti chilembochi chili ndi ma byte atatu. Yachitatuyo palibe. Zili ngati kondakitala pa Kulima Tower wakuwa kuti yadzaza, chikhalirecho mpando umodzi ulibe munthu. Ndiponso Ŵ wamkulu ndi ŵ wamng'ono amasiyana ndi 1, osati 32. Ndibwerezenso, osakhudza byte musanaiyang'ane.

Eya achimwene kumbuyoko, mukuti bwanji osangodalira toLowerCase ya Java, imene imasandutsa yokha zilembo kukhala zazing'ono, n'kugona tulo? Funso labwino. Nthawi zambiri teroni, musadzivute. Koma dziwani chomwe imachita. Mukaisiya opanda kanthu m'mabulaketi mwake, imatsatira chiyankhulo chomwe makinawo aikidwa. Pa makina a ku Turkey, I wamkulu amasanduka ı wopanda kadontho, ndiye "FILE" safanananso ndi "file". Ngati ndi mayina a mafayilo kapena ma header, ikani Locale.ROOT m'mabulaketimo kuti isatsatire chiyankhulo cha makina. Chinanso, utali umasintha: ß wa Chijeremani mukamusandutsa wamkulu amakhala SS, zilembo ziwiri. Inu amene mumakonza malo ofanana ndi mawu oyamba n'kulemba momwemo, ndikukuonani, lekani. Olemba mapulogalamu mu C nanunso, tolower imafuna unsigned char, byte yosatsika pa ziro, apo ayi byte ya ŵ imalowa ngati nambala yotsika pa ziro.

Ndaona ena ayamba kusuzumira mafoni, tithamange. Tengani ma byte 8 nthawi imodzi, muwapange AND ndi 0x8080808080808080 kuti muone ngati bit yapamwamba ya byte iliyonse yayaka. Yankho likakhala ziro, onse ndi ASCII, asandutseni pamodzi, a pakati pa 65 ndi 90 okha. Pa SIMD, malamulo a purosesa ogwira ma byte ambiri nthawi imodzi, SSE2 imanyamula 16, AVX2 32. Likapanda kukhala ziro, perekani gawolo ku matebulo a Unicode, mndandanda wa zilembo za ziyankhulo zonse, osadula chilembo pakati. Mawu akakhala kuti alibe chilembo chachikulu, abwezeni momwe alili, osakopera, strings.ToLower ya Go imatero. Yesani liwiro ndi mayina afupiafupi a makasitomala anu enieni, chifukwa pa zilembo zisanu SIMD siipindula kanthu. Ndipo m'mayeso anu muikemo "Malaŵi", "Cheŵa" ndi imelo imodzi. Tiyi ali panja.