Ganyu inatha koma anthu anatsala

Mwadzuka bwanji nonse abale ndi alongo, Ambuye atidzutsanso ndi moyo. Lero tiwerenge Machitidwe 18 vesi 1 mpaka 3, mavesi aja ambiri timangowadutsa mothamanga pofuna kukafika pa zozizwitsa.

Paulo wafika ku Korinto ali mlendo, wakumana ndi Akula ndi mkazi wake Priskila, anthu oti nawonso angofika kumene kuchokera ku Italiya chifukwa mfumu Klaudio inalamula kuti Ayuda onse atuluke mu Roma. Chimene Baibulo likutchula kuti chinawakhalitsa pamodzi ndi ntchito ya manja basi, onse anali osoka mahema ndiye Paulo anakhala kwawo nkumasoka nawo. Ku Korinto anakhalako chaka ndi miyezi 6 yokha. Koma pitani pa Aroma 16:3-4 mukamve, akuti awiriwa anaika moyo wawo pachiswe kuti iyeyo apulumuke. Ndipo pa 2 Timoteo 4:19, munthu ali mu ndende akudziwa kuti nthawi yake yakwana, akukumbukirabe kuti mukandiperekere moni kwa Priska (Priskila uja) ndi Akula. Anthu okumana nawo pa ntchito eti.

Mawu amenewa ine amandigwira mtima chifukwa ndinawaona ndi maso. Zaka zapitazo ndinapeza kaganyu kokongoletsa mkati mwa nyumba ina yakale cha kumunsi kwa phiri kuno ku Zomba, zija zinamangidwa Zomba idakali likulu, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Siling'i kutalika, pansi pa matabwa, chumuni pabalaza. Mwini wake amafuna ikhale malo ogona alendo ndiye anatisonkhanitsa anthu osadziwana, ine wosankha mitundu ya penti ndi kakhalidwe ka mipando, abambo ena akalipentala a ku Matawale, mayi telala a ku Chinamwali osoka makatani, ndi mnyamata wopenta wa ku Chikanda.

Amene amakhala kumunsi kwa phiri akudziwa za chinyezi. Khoma lija ukaligwira limazizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo ukapenta lisanaume penti imatukusira nkuyamba kusendeka, ndalama yapita. Ndiye tinapala penti yakale yonse, kutseka ming'alu, kukwecha ndi sandipepa, kenako kudikira. Kudikirako bwana kumawapweteka mutu koma ndi kumene kunatipanga ife kukhala anthu amodzi, chifukwa ukamadikira khoma liume palibe kothawira, mumakhala pakhonde nkumadyera limodzi, wina wabwera ndi chinangwa chophika wina matemba a ku Chilwa, mpaka nkhani za kunyumba zimayamba kutuluka zokha, uyu fizi ya mwana yamuvuta uyu mkazi wake akudwala.

Mayi aja sindidzawaiwala. Mawindo a nyumba zakale safanana ngakhale akuoneka ofanana, ndiye iwo amayeza lililonse palokha ndi tepi yawo yapakhosi, nkumalemba m'kakope ka sukulu, nsalu amaiwerengera kawiri kukula kwa windo kuti katani ikhale ndi mapindi abwino. Asanadule amayamba atseka maso kaye pang'ono, sizasi ili m'manja. Tsiku lina mnyamata uja anafunsa kuti mayi kodi makatani amafunanso pemphero? Iwo anangoti, "Mwana wanga, kawerenge Eksodo 26, Mulungu anawerenga yekha nsalu za m'chihema mpaka magango ake, ndiye ine ndidule nsalu ya eni osamufunsa?" Ndinakawerenga usiku womwewo ndipo zilimodi, nsalu 10, magango 50, zokowera zagolide 50. Pa Eksodo 31 Mulungu akuitana Bezaleli pomutchula dzina, kumudzaza ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito zaluso, koma sanamusiye yekha, anamupatsa Oholiabu wa fuko lina, uyu wa Yuda uyo wa Dani. Inu amene mumaona ngati ntchito ya burashi ndi singano ndi yachabechabe, Mzimu wa Mulungu anatsikirapo pa ntchito yotere.

Ganyu ija siinafike nkumapeto komwe. Ndalama zinawathera eni ake, zipinda zina zinatsala ndi penti yoyamba yokha, tinalongedza zida aliyense nkulowera kwake ndipo kunena zoona ndimaganiza kuti zathera pomwepo.

Koma mayi anga ondibereka atamwalira, usiku womwewo uthenga utangomveka, abambo akalipentala aja anandiimbira. Sanachulutse mawu, anangoti achimwene za bokosi musaganize, mungondiuza msinkhu wawo. Anagwira usiku wonse ndi nyali chifukwa magetsi anali atazima, m'mawa bokosi linafika lopaka vanishi bwinobwino, mkati mwake moyalidwa nsalu yoyera yosokedwa ndi mayi a ku Chinamwali aja, mapindi ake omwe aja amasamala pa makatani. Nditafuna kulipira abambo aja anakwiya ndithu, akuti kodi tinadyera mbale imodzi kuti lero mundigule? Mnyamata wopenta uja anagona nafe pa siwa mpaka tsiku loika. Ndipo mvula ya Freddy itagwetsa khoma la nyumba yake mu March 2023 panalibe woitana mnzake, tinangopezana kumeneko aliyense ndi chimene anali nacho, wina thumba la simenti wina malata awiri akale wina manja okha. Miyambo 17:17 imati bwenzi limakonda nthawi zonse, ndipo m'bale anabadwira nthawi ya tsoka, ine abale amenewa ndinawapeza pa makwerero ndi ndowa ya penti.

Chimene chimandidandaulitsa masiku ano nchakuti ntchito zambiri ndi zakanthawi, makontrakiti a mwezi umodzi, maganyu a sabata, ndiye tazolowera kumaona anzathu a pantchito ngati anthu ongodutsa, ena mpaka kupondana kuti bwana awakonde, poti mawa sitidzaonananso. Ndani anakuuzani kuti simudzaonananso? Akula sanadziwe kuti mlendo wosoka naye mahema uja adzamutchula m'makalata amene ife tikuwerenga lero ku Zomba kuno. Amene mukukwera naye minibasi kupita ku sayiti m'mawa uno, amene akukugwirirani makwerero, mufunseni dzina lake lenileni, mufunseni za ana ake, nsima ikachepa mugawane. Ndipo ngati alipo wina munagwira naye ntchito kalekale nambala yake ikadali mu foni, muimbireni lero lomwe musadikire uthenga wa maliro.

Tiyeni tipemphere. Atate, tikupereka kwa Inu onse amene akutuluka m'mawa uno ndi zida m'manja, openta, akalipentala, atelala, oika matailosi ndi a magetsi, kuyambira ku Mpondabwino, Sadzi, Matawale mpaka ku Domasi. Atetezeni pa makwerero, owalemba ntchito awalipire pa nthawi yake, ndipo amene sanapeze ganyu lero muwatumizire mnzawo wowakumbukira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.