Wa Kumudzi pa Galimoto: Tidzere ku Tete Kapena ku Kazungula?

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli mu takisi kupita ku ntchito, kaya mukuwerukira ku shifiti ya usiku, kaya muli kumudzi mwakwera pachulu kusaka netiweki. Ndikuyankhula nanu kuchokera kuno ku Joni, ndipo mukamva mahutala kunjaku mundikhululukire, nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu.

Disembala wayandikira, ndipo pa gulu lathu la WhatsApp nkhani yake ndi imodzi basi: ulendo wa kumudzi. Achimwene ena a ku Thyolo agula kagalimoto kawo chaka chino, akufuna akakaonetse kwa mayi awo, ndiye andilembera kuti, "Akulu, inu mwayendapo, tidzere kuti?" Ndawayankha pang'ono pa foni, koma ndaona kuti ndibwino ndifotokozere pano kuti ena amene ali ndi funso lomweli apindule nawo.

Foni yanu mukaifunsa, ikuonetsani njira yaifupi n'kukuuzani maola. Maola amenewo musawakhulupirire. Foni sidziwa kuti pa boda pali mzere wa mabasi, sidziwa kuti muli ndi mwana wa miyezi 8 pampando wakumbuyo, sidziwanso kuti galimoto yanuyo mukulipirabe ku banki. Ine ndimasankha njira poyang'ana kumene kuli kwathu, mwezi umene ndikuyenda, ndi anthu amene ndanyamula. Makilomita amabwera pambuyo.

Tiyambe ndi njira imene aliyense amaidziwa, imene mabasi onse amadutsa. Mutenga N1 kuchoka ku Johannesburg, kudutsa Pretoria, Polokwane, Louis Trichardt, Musina, mpaka pa Beitbridge, makilomita pafupifupi 540. Msewu ndi wabwino koma matolugeti ndi ambiri, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn, Baobab, ndiye khadi kapena ma rand akhale pafupi. Mukangopitirira Louis Trichardt msewu umakwera mapiri a Soutpansberg, kenako umatsika mokhotakhota n'kulowa m'matanelo. Pamenepo chepetsani liwiro. Dera lomwelo ndi kumene basi ija inagwera mu Okutobala 2025, n'kupha anthu oposa 40, ambiri a ku Zimbabwe ndi a kwathu. Ambiri timafika pamenepo usiku, maso atayamba kulemera.

Beitbridge sagona, amagwira ntchito usana ndi usiku. Mbali ya Zimbabwe anaimanganso, ntchito inatha mu 2022, ndipo tsopano matiraki, mabasi ndi galimoto zing'onozing'ono aliyense ali ndi malo ake. Kunena zoona zinthu zinasintha, si ngati kale pamene tonse tinkapanikizana pa windo limodzi. Koma anakonza nyumba, sanachepetse anthu. Sabata ya Khirisimasi aliyense wa ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Congo ndi kwathu amakathera pa mlatho womwewo wa Limpopo. Pamenepo mulipira zingapo: ndalama yodutsira pa boda, msonkho wa utsi umene amati carbon tax, ya msewu, inshuwalansi, ndipo mutenga TIP, chilolezo choti galimoto ilowe m'dzikomo kwa kanthawi. TIP ya Zimbabwe mutha kuyamba kuilemba pa intaneti musananyamuke, ndipo zimathandiza. Tengani madola a ku America ang'onoang'ono, osang'ambika. Kumeneko chenji n'chovuta, ndipo ndalama yawo ya ZiG imene inabwera mu 2024 mlendo wongodutsa alibe nayo ntchito kwenikweni.

Madobadoba mukawapeza. Amakuthamangirani musanazimitse injini, ena avala mabaji, ena akuyankhula Chichewa chabwinobwino kuti muone ngati mwapeza mbale wanu. Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu. Ngati mukufunadi wokulondolerani, gwirizanani mtengo poyamba, koma pa windo mukaime nokha, risiti mulandire nokha.

Kuchoka pa Beitbridge kupita ku Harare kudzera ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 580. Msewu umenewu kale unali woopsa zedi, wopapatiza, m'mbali modyeka. Mbali yaikulu anaikonza. Chimene sanakonze ndi abulu ndi ng'ombe. Pakati pa Beitbridge ndi Masvingo ziweto zimagona pa phula usiku chifukwa pamafunda, ndipo bulu sathawa nyali. Ndiye ine ndimakonza zoti ndiwoloke boda kusanache, gawo limeneli ndiliyende dzuwa lili pamutu, n'kukagona ku Harare. Anyamata ena amanyadira kuti anayendetsa osagona mpaka ku Blantyre. Zikomo, koma ine ana anga akadali aang'ono.

M'mawa mwake mumatenga msewu wa Mutoko kupita ku Nyamapanda, makilomita ngati 240, n'kulowa Mozambique pa Cuchamano. Apa zinthu zimasintha. Mafomu ndi a Chipwitikizi, inshuwalansi ndi yawoyawo yogula pa boda pomwepo, TIP inanso. Apolisi a pamsewu amafuna aone matrayango awiri ndi chijekete chowala chija, ndipo chikhale m'kati mwa galimoto, osati pansi pa matumba mu buti. M'matauni ang'onoang'ono liwiro limatsika mwadzidzidzi kufika pa 60, ndipo chikwangwani chake nthawi zina n'chofufutika. Mukaona nyumba zayamba kuchuluka, chotsani phazi.

Gawo la Mozambique ndi lalifupi, makilomita osafika 300 kukafika ku Zobue, koma limatopetsa. Kudutsa Changara mumafika mu Tete, ndipo ngati ndi Okutobala kapena Novembala, kutsegula windo kuli ngati kuyika nkhope pa mbaula. Galimoto yodzadza katundu, yokoka ngolo, yokhala ndi rediyeta yotopa, imaonekera pamenepo. Madzi akumwa ndi a injini mukhale nawo okwanira. Mtsinje wa Zambezi mumawoloka pa mlatho wakale wa Samora Machel pakati pa tauni, pomwe matiraki olemera amazungulira ku mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Ndipo musachoke mu Tete thanki isanadzadze. Tonse tikukumbukira mizere ya mafuta kwathu zaka zapitazi. Palibe chowawa ngati kuyenda mayiko atatu bwinobwino n'kukagona pa filling station ku Mwanza.

Mukapitirira Moatize, kwa malasha kuja, mumasankha. A ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Zomba, pitirirani ku Zobue mukalowere pa Mwanza, ndipo Blantyre watsala makilomita ngati 100. A ku Lilongwe, khoterani pa mphambano ya Mussacama, mudzere ku Angonia mukalowere pa Dedza. Njira ya Angonia ine ndimaikonda. Kumayamba kuzizira, m'mbali mwa msewu amayi akugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi, ukatsika kugula akukuyankha m'chinenero chako. Umadziwa kuti wafika ngakhale chidindo sichinamenyedwe. Ulendo wonse kuchoka ku Joni kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira pang'ono 1,700.

Tsopano njira yachiwiri, imene anthu ambiri amaiopa chifukwa pa mapu imaoneka ngati kuzungulira dziko lonse. Mumachoka pa N1 ku Mokopane, n'kukawoloka pa Groblersbrug kulowa Botswana pa Martin's Drift. Kenako Palapye, Francistown, Nata, mpaka ku Kazungula. Ndikamadutsa mu Francistown ndimakumbukira agogo athu a nthawi ya Wenela. Ndege zonyamula amuna a ku migodi zinkatera pamenepo, ndipo mu 1974 ina inagwa itangonyamuka, n'kupha anthu oposa 70, ambiri Amalawi obwerera kwawo. Ngoziyo ndi imene inachititsa Kamuzu kuimitsa zotumiza anthu ku migodi. Njira imeneyi si yachilendo kwa ife, makolo anaidutsa kale, kungoti iwo anali m'mwamba.

Botswana ndi dziko la bata pamsewu. Anthu ndi ochepa, mtunda ndi wautali, wapolisi akakuimitsa nthawi zambiri ndiye kuti wathamangadi. Koma pali ziwiri. Choyamba, mageti a zaziweto. Iwo ng'ombe ndi chuma cha dziko, ndiye amaopa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Pa geti amatha kukutsitsani kuti muponde m'mankhwala, nsapato zina za m'chikwama muzitulutsenso, ndipo nyama yaiwisi akaipeza imatha kutsala pomwepo. Amayi amene mumakonda kunyamula boerewors mu cooler box kuti akalawe kumudzi, mwamva. Chachiwiri, njovu. Kuchoka ku Nata kupita ku Kazungula ndi makilomita ngati 300 a tchire lopanda mpanda. Njovu zimawoloka pamene zafunira. Masana n'zosangalatsa, ana amakuwa ndi chimwemwe kumbuyoku. Usiku njovu sioneka mpaka utaifika. Gonani ku Francistown kapena ku Nata, mudzuke m'mamawa.

Pa Kazungula kale panali pantoni, matiraki ankakhala masiku kudikira. Mu Meyi 2021 anatsegula mlatho, wotalika mamita 923, ndipo anaupinda dala kuti usaponde dziko la Zimbabwe kapena Namibia, poti mayiko anayi amakumana pamenepo. Chokoma chake n'chakuti boda yake ndi ya malo amodzi: mumaimika galimoto kamodzi, kudinda kutuluka Botswana ndi kulowa Zambia m'nyumba imodzi. Zolipira za Zambia zilipo ndithu, msonkho wa utsi, ya msewu, inshuwalansi, ya khonsolo, ndipo si zochepa. Koma umalipira uli phee, wina osakukankha.

Kuchoka apo ndi Livingstone, Choma, Mazabuka, Kafue, Lusaka. Ngati muli ndi ana ndi kandalama kapadera, mathithi a Victoria Falls ali pomwepo pa Livingstone. Lusaka yesetsani kumudutsa m'mawa kwambiri kapena Lamlungu, chifukwa mzere wa galimoto mu tauni umatha kukudyerani maola. Kenako Great East Road, makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Chipata. Chigawo cha kufupi ndi mlatho wa Luangwa n'cha mapiri ndi makona, matiraki ofa amangosiyidwa ndi nthambi za mitengo pamsewu, ndiye nachonso n'cha masana. Pa mlathopo pali nsomba zouma ndi madengu okongola, mayi a kunyumba salola kuti tidutse osaima. Kuyambira ku Nyimba, Petauke, Katete, chinenero n'chofanana ndi chathu. Boda ya Mwami ndi Mchinji nayonso ndi ya malo amodzi kuyambira kumapeto kwa 2022, ndipo mukatuluka apo Lilongwe ali pafupi.

Njira imeneyi kufika ku Lilongwe ndi makilomita cha m'ma 2,400. Mafuta ochuluka, usiku wina wogona panjira. Koma tawerengani maboda. Ya Tete: Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza kapena Dedza, atatu. Ya Kazungula: Martin's Drift, Kazungula, Mchinji, atatunso, ndipo awiri mwa iwo ndi oima kamodzi. Mwaona? Kutalikako sikukuwonjezerani pepala ngakhale limodzi.

Wina afunsa kuti, nanga ya Maputo, poti ili ndi maboda awiri okha? Zoona, mumatuluka pa Lebombo n'kukwera msewu wa EN1 kudutsa Xai-Xai, Maxixe, mtsinje wa Save, Inchope, kenako n'kupatukira ku Chimoio mpaka ku Tete. Koma ndi yaitali, mbali za pakati pa Save ndi Inchope zadziwika ndi maenje kwa zaka zambiri, ndipo ndale zikavuta msewu umenewu ndi umene umayamba kutsekedwa. Cha m'ma 2016 galimoto zinkayenda pamdipiti ndi asilikali, ndipo kumapeto kwa 2024, chisankho chitatha, ngakhale boda ya Lebombo inatsekedwapo. Ngati mukufuna nyanja ndipo muli ndi galimoto yaitali miyendo, pitani. Ngati mukufuna kumudzi, isiyeni.

Mapepala ndiye musachite nawo chibwana, njira iliyonse. Buku la galimoto likhale lenileni, osati fotokope. Ngati galimoto ndi ya ngongole, kalata ya ku banki yololeza kuti ituluke m'dziko. Ngati ili m'dzina la wina, kalata yake yodindidwa. Chomata cha ZA kumbuyo, chozimira moto, matepi owala, oyera kutsogolo ndi ofiira kumbuyo. Ana akhale ndi mapasipoti awo ndi zikalata za kubadwa, ndipo ngati kholo limodzi latsala, kalata yake yovomereza. Ndipo abale anga, nkhani yovuta ija: ngati masiku anu anatha kalekale, palibe boda yofewa. Kaya Beitbridge kaya Groblersbrug, kompyuta ndi imodzi, ndipo chiletso chake chimatha kufika zaka 5. Musasankhe njira poganiza kuti kwinako saona.

Pa rodibuloko ina, sinditchula dziko, bwana wina anazungulira galimoto yanga kawiri, anayatsitsa nyali zonse, anagogoda chozimira moto, anawerenga mapepala mpaka kumbuyo kopanda kanthu. Atasowa chonena anangoti kukutentha, kulibe kozizira m'galimotomo? Ndinamupatsa botolo la madzi, tonse tinaseka, ndinapita. Akapeza cholakwa chenicheni, pemphani risiti.

Ndiye achimwene a ku Thyolo, yankho langa ndi ili. Inu dzerani ku Tete. Kuzungulira ku Zambia kenako n'kutsikanso M1 kuchoka ku Lilongwe, kulipira pa Kalinyeke ndi pa Chingeni, ndi kudzizunza. Koma nyamukani sabata ya Khirisimasi isanafike, ngati abwana anu angalole. Amene kwanu ndi ku Mchinji, Kasungu, Mzimba mpaka ku Karonga, ndipo mwanyamula banja pakati pa Disembala, ine ndingadzere ku Kazungula osaganiza kawiri. A ku Lilongwe ndi ku Dedza muli pakatikati: mukakhala amuna awiri osinthana chiwongolero, Angonia, mukakhala ndi ana ndi apongozi, Botswana. Ndipo usiku woti munyamuka mawa, imbirani dalaivala wa thiraki kapena wa basi amene wadutsa sabata yomweyo. Mvula ikagwa mlatho umatha kukokoloka lero, foni n'kudzadziwa mkucha.

Sabata ya mawa tikambirana za ngolo ndi katundu: firiji, njinga, malata, zimene a MRA amafuna pa boda, komanso ngati n'kwanzeru kukoka wekha kapena kungopatsa a transporter. Amene munakokapo ngolo mpaka kumudzi, nditumizireni ma voice note, ndidzawaseweretsa pano. Muyende bwino nonse, tionana.