Timizere tosaoneka tomwe timasankha mtundu wa kuwala

[Pa msika wa Kapata, dzanja lagwira CD yakale padzuwa]

Taonani CD iyi. Ndikaipendeketsa, utawaleza uwo! Palibe penti apa ayi. Pali timizere tating'onoting'ono totalikirana mananomita 1,600. Kuti mupeze nanomita imodzi, gawani milimita kukhala tizidutswa 1,000,000. Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo komwe maso athu amaona funde lake limatalika mananomita 400 mpaka 700. Mpata wa timizere ta CD ndi waukulu kuposa pamenepo, n'chifukwa chake mitundu imamwazikana.

Nanga timizereto titathinana, mpata n'kuchepa kuposa funde, tinene mananomita 350? Kuwala kukafika molunjika kuchokera pamwamba, utawaleza umazimiririka. Kuwala kumangodutsa kapena kubwerera, basi. Akatswiri amati subwavelength grating.

[Chojambula: galasi, pamwamba pake kachikuto kamizeremizere]

Apa ndiye mumvetsere bwino, abale. Timizereto amatisema pa kachikuto kopyapyala ka mankhwala otchedwa titanium dioxide kapena silicon nitride, komwe kamatha kusunga kuwala m'kati mwake. Kuwala koyera kukafika, mitundu yambiri imadutsa osaima. Koma pali mtundu umodzi womwe funde lake limagwirizana ndi mpata uja. Umenewo timizere timaukhotetsa, umalowa m'kachikutoko n'kumayenda cham'mbali, uku ukutuluka pang'onopang'ono. Wotulukira pansi umakumana ndi unzake womwe unadutsa mwachindunji, msonga ya funde ili n'kugwera m'chigwa cha linalo, n'kufafanizana. Ndiye pafupifupi wonse umabwerera kumwamba. Zili ngati wailesi: mlengalenga muli masiteshoni ambirimbiri, koma mukatchera pa Breeze FM mumamva iyo yokha. Dzina lake ndi guided-mode resonance.

Wasayansi Robert Wood anaona zachilendo zofanana ndi izi mu 1902, osatha kuzifotokoza. Mu 1992 Robert Magnusson ndi S. S. Wang anaonetsa kuti mungapangire sefa ya kuwala.

Kwa ine chokoma chili ku chipatala. Kachipangizo koyezera malungo ku kiliniki kaja kamaonetsa mzere chifukwa muli timbewu topatsa mtundu. Timizere tathu nato titha kuyeza magazi, koma sitifuna timbewu timeneto. Pamwamba pa timizere amamatapo ma antibody, tinthu tomwe timagwira puloteni ya matenda omwe akuwafufuza. Puloteni ya matenda ikagwidwa pamenepo, kuwala kwa m'kachikuto kumayenda mochedwerako, ndipo mtundu wobwerera umasuntha, nthawi zambiri osakwana nanomita imodzi. Diso silingaone, koma makina otchedwa spectrometer amawerenga.

Musathamange kuwomba m'manja. Kutentha nakonso kumasuntha mtundu uja, ndipo mukudziwa momwe dzuwa la Okutobala limaotchera ku Mambwe. N'chifukwa chake amasiya malo ena pambali opanda ma antibody. Mtundu ukasuntha mofanana pamalo onse awiri, ndi kutentha chabe. Ukasuntha kwambiri pamalo okhala ndi ma antibody okha, ndiye kuti m'magazimo muli kanthu.