Tchuthi cha all-inclusive cha anthu awiri: ndi phindu kapena n'kutaya ndalama?

[Pa sikirini: gombe la mchenga woyera, mitengo ya kokonati, mipando iwiri pansi pa ambulera]

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambirane za mahotela a m'mbali mwa nyanja, m'mayiko otentha, amene amakuuzani mtengo umodzi n'kunena kuti zonse zili momwemo: chipinda, chakudya cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo, zakumwa, nyimbo ndi magule usiku. Amawatcha all-inclusive. Mukangofika amakuvekani kachibangili kapulasitiki pamkono, ndipo kuyambira pamenepo chikwama cha ndalama chimagona m'chipinda mpaka tsiku lonyamuka. Amene akukonzekera hanimuni, kapena akufuna kukumbukira tsiku la ukwati wawo, amafunsa funso limodzi: kodi ndalama zochuluka chonchi zikupita pabwino?

Maganizo anga ndiwanene pachiyambi pomwe. Yankho lagona pa zinthu ziwiri. Choyamba, kunja kwa mpanda wa hotelayo kuli chiyani. Chachiwiri, ngati awirinu mukufunadi tchuthi cha mtundu umodzi. Kukongola kwa zithunzi kulibe gawo pa nkhaniyi.

Tiyambe ndi komwe zidachokera, mwachidule. M'chaka cha 1950, Gérard Blitz wa ku Belgium adayambitsa bungwe la maulendo a tchuthi lotchedwa Club Med ku Alcúdia, pa chilumba cha Majorca ku Spain. Alendo oyamba ankagona m'matenti amene asilikali adasiya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, koma ankalipira kamodzi n'kuiwala za ndalama. Patapita zaka zoposa 30, mu 1981, Gordon Stewart, wamalonda wa ku Jamaica amene ambiri ankamudziwa kuti Butch, adatsegula hotela yoyamba ya Sandals ku Montego Bay. Iye ndi mmodzi mwa amene adatchukitsa kwambiri ganizo loti hotela yonse ikhale ya okondana okhaokha, popanda ana. Lero mahotela otere adzaza ku Cancún ndi Riviera Maya ku Mexico, ku Punta Cana ku Dominican Republic, ku Jamaica konko, ku Maldives, ku Mauritius ndi ku Zanzibar.

[Pa sikirini: tebulo lalitali la chakudya, alendo ali pamzere ndi mbale]

Tsopano dzifunseni: hotela ingalole bwanji munthu kudya ndi kumwa mmene angathere, koma osagwa? Chinsinsi chake ndi masamu a anthu ambiri. Eni hotela sawerengera inuyo panokha. Amawerengera alendo mazanamazana pamodzi, n'kupeza kuti mlendo wapakatikati amadya mochuluka bwanji, amamwa mochuluka bwanji, ndipo mtengo amauika pamenepo, n'kuwonjezerapo phindu lawo. Chakudya amagula chochuluka nthawi imodzi, n'kuphika m'miphika ikuluikulu ya buffet, pomwe aliyense amadzigawira yekha. Mowa umene uli m'mtengomo nthawi zambiri ndi wopangidwa m'dziko lomwelo, wotsika mtengo.

Tanthauzo lake ndi ili, ndipo mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama osadziwa: mlendo amene amadya pang'ono ndipo samwa mowa akulipirirako mnzake wa chipinda china amene wakhala pa bala kuyambira m'mawa. M'malesitilanti a mahotela a m'mbali mwa nyanja, chimene chimakweza bilu kwambiri ndi zakumwa zoledzeretsa. Ngati nonse awiri simumwa, gawo lalikulu la "phindu" limene akukulonjezanilo silikukhudzani n'komwe. Ngati mmodzi amamwa, wina ayi, dziwani kuti mahotela ambiri salola kuti anthu a chipinda chimodzi akhale pa mitengo yosiyana. Onse awiri alipira wa zonse.

Nanga mungadziwe bwanji ngati mukupindula? Njira yake ndi yosavuta, ndipo simufunika katswiri. Pezani mtengo wa hotela yomweyo, kapena ina yofanana nayo pafupi, wa chipinda ndi chakudya cha m'mawa chokha. Chotserani pa mtengo wa all-inclusive. Chotsalacho chigaweni ndi masiku amene mudzakhale. Tingoyerekeza kuti mwapeza madola 120 pa tsiku, a anthu awiri. Funso ndi lakuti: mutapatsidwa madola 120 m'manja m'mawa uliwonse, kodi awirinu mukanawamaliza pa nkhomaliro, mgonero ndi zakumwa? Tsegulani mndandanda wa zakudya wa malesitilanti a m'deralo pa intaneti, muone mitengo yake. Ngati mukanadya zoposa pamenepo, tengani all-inclusive mosakayika. Ngati mukanatsala ndi chenji chambiri, funsani za half board, imene imakhala ndi chakudya cha m'mawa ndi cha madzulo chokha. Kwa anthu amene amadzuka mochedwa, n'kudya kwambiri cha m'ma 10 koloko, nkhomaliro siifunika kwenikweni.

[Pa sikirini: kandege kotera pamadzi pafupi ndi kachilumba]

Tibwere pa nkhani ya malo, pakuti masamu aja amasintha kwambiri malinga ndi komwe mukupita.

Ku Maldives, mahotela ambiri ali pa zilumba zawozawo: chilumba chimodzi, hotela imodzi. Zidayamba choncho kuyambira 1972, pamene hotela yoyamba, Kurumba, idatsegulidwa. Kumeneko palibe zoti tituluke tikadye m'tauni. Mukatuluka pakhomo, kutsogolo ndi nyanja, kumbuyo ndi nyanja. Pafupifupi zonse zimene mumadya zimabwera pa boti, zambiri kuchokera kumayiko ena, ndipo lesitilanti ya hotelayo ilibe wopikisana nayo. Mowa umaloledwa m'mahotela a alendo okha, pa zilumba zokhala anthu wamba ndi woletsedwa. Malo ngati amenewa, kulipiriratu zonse kumakutetezani. Munthu amene wapita ndi mtengo wa chipinda chokha amatha sabata yonse akuyang'ana mitengo asanaitanitse ngakhale botolo la madzi, ndipo tchuthi chotere sichikoma.

Koma taonani Riviera Maya. Kunja kwa geti kuli mabwinja a anthu a mtundu wa Maya ku Tulum, amene ali pamwamba pa thanthwe moyang'ana nyanja. Kuli maiwe a m'mapanga otchedwa cenote, a madzi ozizira oyera mbee. Kuli Chichén Itzá, ulendo wa tsiku lathunthu. Kuli tauni ya Playa del Carmen yodzaza ndi malo odyera a mitengo yosiyanasiyana. Ku Zanzibar n'chimodzimodzi: Stone Town ndi tinjira take topapatiza, minda ya zokometsera zakudya, msika wa usiku wa pa Forodhani. Kumalo otere, chakudya chilichonse chimene mwadya kunja mwachilipira kawiri, chifukwa mbale yanu ya ku hotela idalipiridwa kale. Ndiye chimachitika n'chiyani? Anthu amayamba kuumira kutuluka. "Tibwerere msanga, tingaphonye nkhomaliro." Mapeto ake munthu wawoloka nyanja zikuluzikulu, wawononga ndalama ya ndege, koma dziko limene adapitako waliona pa windo la basi yochokera ku bwalo la ndege basi. Izi zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ulendo wotere ambiri amaupanga kamodzi pa moyo wawo wonse.

[Pa sikirini: pepala la bilu, chala chikuloza mizere ya m'munsi]

Tsopano za zimene sizili m'mtengomo, ngakhale amati zonse. Kutikita thupi ku spa pafupifupi kulikonse mulipira padera. Maulendo okaona malo, padera. Maboti a injini, padera, ndipo kusambira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya m'mahotela ambiri nakonso n'kwapadera. Vinyo wa m'botolo ndi mowa wa mayina otchuka, padera. Mgonero wa awiri pamchenga, wa makandulo, womwe uja adaujambula pa chithunzi chimene chidakukopani, nthawi zambiri nawonso ndi wapadera. Mayiko ena amalipiritsa msonkho wa zachilengedwe pa usiku uliwonse, monga ku Maldives. Ndipo ku Maldives konko, ulendo wochoka ku bwalo la ndege la ku Malé kupita ku chilumba chanu, pa boti kapena pa ndege yotera pamadzi, ukhoza kukhala ndalama yaikulu payokha. Ndege zimenezi zimauluka masana okha, choncho mukafika usiku mugona kaye pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo usiku umenewo ndi ndalama inanso.

Malesitilanti apadera a m'kati mwa hotela, aja oitanitsa chakudya patebulo, nthawi zambiri amafuna kusungitsa malo, ndipo mahotela ena amakulolani kudyako maulendo owerengeka pa sabata. Mukachedwa kusungitsa, sabata yonse ndi buffet. Za tipu, kandalama kothokoza wantchito, mahotela amasiyana: Sandals imadziwika kuti siilola antchito ake ambiri kulandira tipu, pomwe ku Mexico ndi ku Dominican Republic alendo ambiri amapereka ndithu. Chenjezo linanso: m'mahotela ena mudzaitanidwa ku "kadzutsa wapadera" kapena kulonjezedwa mphatso. Kawirikawiri amenewo ndi amalonda ofuna kukugulitsani umembala wa zaka zambiri wa kalabu ya tchuthi, ndipo akhoza kukudyerani theka la tsiku. Kukana mwaulemu n'kololedwa. Musasayine chilichonse muli pa tchuthi.

Mukaona mtengo watsika modabwitsa, yang'anani kalendala. Ku Caribbean ndi ku gombe la kum'mawa kwa Mexico, nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni kufika pa 30 Novembala, ndipo imafika pachimake kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Namondwe Wilma adawononga Cancún mu Okutobala 2005, ndipo mahotela ambiri adatseka kwa miyezi. Sikuti chaka chilichonse zimatero, koma ngati mwasankha miyezi imeneyi, inshuwalansi ya ulendo musaisiye. Kuyambira 2011 kwabweranso vuto lina, udzu wa m'nyanja wotchedwa sargassum umene umakocheza pagombe milumilu, makamaka kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, ndipo ukayamba kuola umanunkha ngati mazira ovunda. Ku Mauritius anamondwe amabwera pakati pa Novembala ndi Epulo. Ku Zanzibar mvula yaikulu ndi ya Malichi mpaka Meyi. Munthu amene walipira kuti akhale pagombe sabata yonse, gombelo likaipa alibe kothawira.

[Pa sikirini: anthu awiri akuyenda m'mbali mwa nyanja dzuwa likulowa]

Tsopano tifike pa chimene masamu sangathe kuyeza, chimene ine ndimachiona kuti ndicho chenicheni chimene anthu awiri amagula. Pa ulendo wamba, tsiku lililonse limabwera ndi mafunso: tidya kuti, tikwera chiyani, bwanji waitanitsa chodula, ndalama zatsala zingati. Mafunso ang'onoang'ono amenewa ndi amene amayambitsa kusamvana, makamaka ngati mmodzi ndi wosamala ndalama, wina ndi wa dzanja lotambasuka. Komanso m'mabanja ambiri pamakhala mmodzi amene amasenza ntchito yonse yokonza zinthu, kunyumba ndi paulendo pomwe. Kwa munthu ameneyu, sabata imodzi yosaganizira za chakudya, yosatsegula chikwama, yosafunsidwa kuti "ndiye titani lero", ndi mpumulo weniweni. Ngati mwangotuluka m'chipwirikiti cha ukwati, kapena muli ndi ana aang'ono ndipo papita zaka musanakhale awiriwiri, phindu limeneli ndi lalikulu, ngakhale masamu a chakudya atapanda kukukomerani kwenikweni. Musachite nazo manyazi kuti mwapita kutali kukangogona ndi kusambira.

Koma pamafunika kuti nonse awiri mufune zimenezo. Vuto limabuka pamene mmodzi akulota buku ndi mthunzi, mnzake akulota misika, mapiri ndi kucheza ndi anthu a m'dzikolo. Masiku awiri oyamba zonse zili bwino. Likafika lachinayi, woyendayenda uja wayamba kutopa ndi dziwe lomwelo ndi nyimbo zomwezo, ndipo wopuma uja akumva ngati akukakamizidwa. Kambiranani musanalipire, ndipo aliyense anene zoona, osati zokondweretsa mnzake. Ngati mwasiyana maganizo, gawani ulendowo: masiku atatu m'tauni, mu hotela yaing'ono, mukudya kumene eni dziko amadya, kenako masiku anayi omaliza ku all-inclusive. Yambani ndi kuyenda, mutsirize ndi kupuma.

Samalaninso posankha hotela. Ina ili ndi zipinda zoposa 1,000, zokuzira mawu pa dziwe tsiku lonse, ndi magulu a anyamata odzasangalala. Mawu oti "akuluakulu okha" amangotanthauza kuti kulibe ana, satanthauza kuti kuli bata.

Pali nkhani inanso imene sindingaisiye. Alendo akamadyera ndi kumwera m'kati mwa mpanda, mwini lesitilanti wa kunja, woyendetsa takisi ndi mayi wogulitsa zosemasema amangoona mabasi akudutsa. Dandaulo limeneli ndi lakale, moti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma la Gambia lidaletsapo maulendo a all-inclusive, ngakhale chiletsocho sichidakhalitse. Mahotelawa amalemba ntchito anthu ambiri, zimenezo n'zoona, koma ambiri mwa iwo eni ake ndi makampani a kunja. Ngati mwasankha kukakhala kumeneko, patulani tsiku limodzi kapena awiri otuluka, mutenge wokuperekezani wa komweko, mudye kunja ngakhale kamodzi, ndipo komwe tipu ndi yololedwa, operekera zakudya ndi okonza m'chipinda musawaiwale.

Musanatumize ndalama, lemberani hotelayo kapena amene akukugulitsani ulendowo, akuyankheni molemba: galimoto kapena boti yochokera ku bwalo la ndege ili m'mtengomo? Misonkho yonse yawerengedwa? Malesitilanti apadera tingadyeko kangati? Zakumwa zimaperekedwa mpaka nthawi yanji usiku? Kukabwera namondwe, ndalama mumabweza kapena mumangosintha tsiku? Kenako onani zithunzi zimene alendo adajambula okha m'mwezi womwe inu mukufuna kupitawo, makamaka za gombe ndi za chakudya.

Zikomo poonera, tionana mu vidiyo yotsatira.