Nkhope ya Jane Austen ili pa ndalama ija si yake kwenikweni

[Pa sikirini: ndalama ya pepala ya mapaundi 10 ya ku England, mbali yakumbuyo]

Muli bwanji nonse, takulandirani. Amene muli ku UK tatulutsani kaye ka 10 paundi m'thumbamo, mutembenuze kuseri. Mayi mukuwaonawo, masaya ofewa, maso akuluakulu, kachipewa kamalesi, ndi Jane Austen, yemwe analemba buku la Pride and Prejudice. Bank of England inatulutsa ndalama imeneyi mu 2017, patatha zaka 200 chimwalirireni mayiyu. Koma nkhope imeneyi inajambulidwa ndi munthu woti sanamuonepo Jane ndi maso ake, nde lero ndikufuna tiyende nayo nkhaniyi kuchokera pomwe inayambira, chifukwa ine imandikhudza kwambiri mmene anamusinthira mayi ameneyu.

Jane anabadwa pa 16 Disembala 1775 m'mudzi wa Steventon ku Hampshire, bambo ake anali abusa a mpingo wa Angilikani. M'banja mwawo anali ana 8, anyamata 6, atsikana awiri okha, iyeyo ndi mkulu wake Cassandra. Awiriwa anali pa chibale cha ponda apa nane mpondepo, chipinda chogona chimodzi mpaka kukula, onse sanakwatiwe. Cassandra ndi amene ankadziwa zojambula. Jane ali ndi zaka 15 analemba kambiri koseketsa ka mafumu a ku England, Cassandra nkujambulamo tinkhope ta mafumuwo m'timabwalo ting'onoting'ono, kabukuko kalipo mpaka pano ku British Library. Nde kuyambira kale wina cholembera wina burashi.

[Pa sikirini: chojambula cha Cassandra, chiyandikire pang'onopang'ono]

Ichi ndi chimene Cassandra anajambula cha m'ma 1810, pensulo ndi penti wamadzi pang'ono. Nkakang'ono zedi, kokwana pachikhatho, ndipo sanakamalize nkomwe, nkhope yokha ndi imene ili ndi mtundu, thupi ndi mizere ya pensulo basi. Chili ku National Portrait Gallery ku London, ndipo pa zithunzi zoonetsa nkhope yake ndi chokhachi chimene akatswiri onse amagwirizana kuti anamujambula iyeyo atakhala pompo.

Taonani bwinobwino. Manja wapinda pachifuwa. Milomo watseka kuti psii, sakumwetulira olo pang'ono, maso akuyang'ana kumbali ngati pali wina m'chipindamo akuyankhula zopanda mutu ndipo iye akungomvetsera nkumasunga mawu aliwonse. Pansi pa maso pakuoneka kutopa. Ndi mayi wa zaka 30 ndi kanthu amene bambo ake anamwalira mu 1805 osawasiyira chuma, iye ndi mayi ake ndi Cassandra nkumangosamukasamuka, kudalira zomwe alongo awo awaponyera, mpaka mu 1809 pomwe mlongo wawo Edward anawapatsa kanyumba ku Chawton. Achibale ena sanachikonde chithunzichi, Anna mwana wa mlongo wake ananena kuti nchonyansa ndipo sichifanana naye. Mwina Cassandra dzanja linamuphonya penapake, sanali katswiri wolipidwa ayi. Koma anali munthu amene ankamuona Jane tsiku ndi tsiku m'mawa akudzuka, ndipo anasankha kumujambula chonchi.

Jane anamwalira pa 18 Julayi 1817 ku Winchester ali ndi zaka 41 zokha. Mabuku anayi omwe anatuluka ali moyo sanalembedwe dzina lake, loyamba lija Sense and Sensibility la mu 1811 anangolemba kuti lalembedwa ndi mayi wina. Ngakhale mwala wa pamanda pake mu tchalitchi chachikulu cha Winchester umakamba za mtima wake wabwino, za mabuku ulibe mawu.

Papita zaka 50, anthu ayamba kufunsa kuti kodi mayi ameneyu anali ndani. James Edward Austen-Leigh, mwana wa mlongo wake, nayenso m'busa, panthawiyi ali mdala, analemba buku la moyo wa azakhali akewo. Pafunika chithunzi cha kutsogolo. Cha Cassandra chija anaona kuti sichingapite kwa anthu mmene chililimo, nde mu 1869 anapita nacho kwa wojambula wina wa ku Maidenhead dzina lake James Andrews kuti achikonze.

[Pa sikirini: zithunzi ziwiri moyandikana, cha Cassandra kumanzere, cha Andrews kumanja]

Mwaona kusiyana kwake? Manja opinda aja awamasula. Nkhope yazungulira, maso akula, kamwa yafewa, kutopa konse kwafufutidwa, malesi awonjezera. Kenako chinazokotedwa pa chitsulo kuti chidindidwe m'bukulo, nkhope nkufewanso kawiri. Sizinathere pompo, mu 1873 ku America anadinda china chochokera pa chomwechi, anamuwonjezera thupi, nkumuveka mphete ya ukwati pachala. Mphete ya ukwati, mayi woti sanakwatiwepo! Ndipo sikuti mwayi unasowa, mu Disembala 1802 mnyamata wa banja lolemera Harris Bigg-Wither anamufunsira, Jane anavomera madzulo, kutacha m'mawa anakabweza mawu. Tangoganizani kulimba mtima kwake, mtsikana wopanda ndalama yakeyake kukana nyumba yaikulu ndi minda chifukwa mtima sukufuna. Nde wina kubwera patapita zaka nkumuveka mphete, zimenezi ine zimandiwawa.

Buku la James Edward lija linamuonetsa ngati azakhali ofatsa okonda kusoka, olemba nkhani pongotayitsa nthawi. Koma m'makalata ake omwe anatsala, pafupifupi 160 okha poti Cassandra anawotcha ambiri, timapezamo munthu wa lilime lakuthwa, wowerengetsera ndalama za mabuku ake. Pride and Prejudice anagulitsa umwini wake kwa wosindikiza Thomas Egerton pa mapaundi 110, pomwe iye ankafuna 150.

Zomwe anachita ndi nkhope yake anachitanso ndi nkhani zake.

[Pa sikirini: chikuto chobiriwira chokhala ndi pikoko wagolide]

Ili ndi Pride and Prejudice la mu 1894, losindikizidwa ndi George Allen, zojambula ndi za Hugh Thomson wa ku Ireland, zokwana 160. Anthu amangolitchula kuti la pikoko. Nlokongola, zimenezo sindikana, Thomson dzanja anali nalo, mizere yake ndi yopepuka, anthu ake amaoneka ngati akuyenda. Kwa owerenga ambiri dziko la Austen linakhala limeneli, madiresi, zipewa, ngolo za mahatchi, magule, tiyi. Makanema ambiri omwe timaonera pano akuyendabe m'mapazi momwemo.

Koma tatsegulani bukulo muwerenge. Banja la a Bennet lili ndi ana aakazi asanu, mwamuna palibe, ndipo malamulo a malo awo akuti bambo akangotseka maso nyumba ndi minda zipita kwa wachibale wamwamuna, Mr Collins. Mayi Bennet timawaseka kuti ndi olongolola, koma chikuwasowetsa tulo ndi chenicheni, ana anga adzagona kuti. Charlotte Lucas, zaka 27, akuvomera kukwatiwa ndi Collins yemweyo osamukonda, akungofuna denga. Sense and Sensibility ndiye ikuyamba ndi maliro, bambo amwalira, mwana wa kwa mkazi woyamba watenga zonse, analonjeza pa bedi la imfa kuti asamalira azilongo ake, waganiza zowapatsa mapaundi 3000, mkazi wake nkuyamba kumunyengerera pang'onopang'ono, chepetsani, chepetsaninso, mpaka mutu umodzi wokha kutha asanapereke kalikonse. Amene munaonapo mayi wamasiye akulandidwa katundu maliro asanazizire simufunika kukufotokozerani mutu umenewu. Munthu amene analemba zimenezi ndi wopinda manja uja.

Ndipo Jane mwiniwake nkhani ya zithunzi ankaimvetsa bwino, ili m'mabuku ake. Mu Emma, Emma akujambula mnzake Harriet nkumukongoletsa mopitiriza, ena akuyamikira, Mr Knightley ndi amene akunena poyera kuti wamutalikitsa kwambiri. Emma mumtima akudziwa kuti nzoona koma sakuvomera. Mu Pride and Prejudice mtima wa Elizabeth, mmodzi wa ana a Bennet aja, ukuyamba kutembenuka ataima kutsogolo kwa chithunzi cha Darcy, mwamuna yemwe pamapeto akukwatiwa naye, kunyumba kwa Darcyyo ku Pemberley, akuonamo kumwetulira komwe anali asanakuganizire bwino. Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi kalata ya mu Meyi 1813. Jane ali ku London, akuzungulira m'malo oonetsera zojambula kufunafuna nkhope za anthu a m'buku lake, ngati munthu wofuna abale ake pagulu. Akulembera Cassandra kuti wamupeza Jane Bennet, mkulu wake wa Elizabeth, wavala diresi loyera la zokongoletsa zobiriwira, ndipo zamutsimikizira zomwe ankaganiza kale kuti mtsikanayu amakonda zobiriwira. Elizabeth sanamupeze. Nde akuti mwina Darcy amachikonda kwambiri chithunzi cha mkazi wake moti sangalole kuti chikapachikidwe pagulu.

[Pa sikirini: ndalama ija kachiwiri, kuyandikira pa mawu ali pansi pa nkhope]

Tibwerere pa ndalama paja. Nkhope anatenga yokonzedwa ija ya kwa Andrews. Nyumba yaikulu ili kumbuyoyo ndi Godmersham Park, ya mlongo wake Edward, komwe Jane ankapita ngati mlendo chabe. Pansi pali mawu ochokera mu Pride and Prejudice onena kuti palibe chosangalatsa kuposa kuwerenga. Amveka bwino eti? Koma m'bukumo amene akuwanena ndi Caroline Bingley, mtsikana woti kuwerenga alibe nako ntchito, watenga buku chifukwa choti ndi gawo lachiwiri la lomwe Darcy akuwerenga, akufuna amuone, akuyasamula, kenako nkuliponya pambali. Jane analemba mawuwo kuti tione chinyengo cha munthu, ndipo anthu ambiri okonda mabuku ake anadandaula ndalamayi itangolengezedwa. Komabe kuti nkhope ya mlembi wamkazi ifike pamenepo sizinali zophweka, mu 2013 azimayi motsogozedwa ndi Caroline Criado Perez anachita kukakamiza banki kuti pa ndalama pasasowe mzimayi wina kupatula Mfumukazi, ndipo Criado Perez analandira ziopsezo zoopsa pa Twitter chifukwa cha zimenezi.

[Pa sikirini: mayi wovala zabuluu, wakhala pansi panja, watifulatira]

Chomaliza ndi ichi. Cassandra yemweyo, ndipo ichi anachisaina nkulemba chaka, 1804. Jane wakhala pansi panja pafupi ndi mtengo, diresi labuluu, kukuoneka kuti kunatentha tsikulo poti zingwe za chipewa wamasula zikungolendewera. Watifulatira, chipewa chaphimba nkhope yonse, akuyang'ana kutsogolo kwake komwe pepala langotsala loyera. Anali ndi zaka 28, bambo ake adakali moyo, buku lake olo limodzi linali lisanatuluke, koma zolemba zoyambirira za Pride and Prejudice anali nazo kale, atazisunga kuyambira 1797.